Greenhouse yopopa ija: mmene mungaimikire kuno ku Mulanje ndi Thyolo osapsereza mbewu

Funso ili landipeza kambirimbiri, ena pa WhatsApp ena tikakumana pa Chitakale kapena pamsika wa Bvumbwe, akuti achimwene ma greenhouse, nyumba zapulasitiki zodzalamo mbewu, opopa ndi mpweya aja tikuwaona pa Facebook angagwire ntchito kuno? Ena agula kale kudzera kwa abale a ku Joni, katundu wafika koma angomusunga m'nyumba sakudziwa poyambira. Nde ndati ndingolemba kamodzi zonse zikhale pamodzi.

Yankho ndi lakuti eya imagwira, koma pali chinthu chimodzi choti mumvetse musanatsegule n'komwe katoni. Ma greenhouse amenewa anapangidwira maiko ozizira ngati UK ndi Canada komwe mdani wa mlimi ndi chisanu, nde kumeneko amafuna itsekeke bwinobwino isunge kutentha. Ife kuno chimatipha si kuzizira ayi, ndi mvula ndi chinyontho. Cha ku Lujeri mvula imatha kupitirira mamilimita 2,000 pachaka, ndipo ikati yatha mu April kumabwera chiperoni, ija nkhungu ndi mvula yamawawa yochokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique imene imatha kukhala masiku angapo dzuwa osaoneka mu June ndi July. Tomato amadana ndi masamba onyowa. Choncho chimene mukugula inu ndi denga lotchinga mvula, mbali zake ziyenera kumapuma. Mukaitseka ngati mmene akuonetsera pa zithunzi zija mupsereza mbewu.

1. Dziwani kaye mtundu umene muli nawo

Zilipo za mitundu iwiri ndipo ogulitsa ambiri salongosola. Woyamba ndi wamachubu: mafelemu ake ndi machubu akuluakulu amene mumapopa kamodzi n'kutseka valavu, pulasitiki n'kukhala pamwamba pake. Wachiwiri ndi uja umaima chifukwa cha fani yamagetsi youzira mpweya usana ndi usiku, fani ikazima nyumba yonse imagwera pa mbewu. Wachiwiriwu kuno usiyeni, magetsi athu mukuwadziwa mmene amathimira, pokhapokha muli ndi sola ndi batire yodalirika, komanso mtundu umenewu sulola kuti mutsegule mbali chifukwa mpweya uthawa. Zonse ndikunena pansipa ndi za yamachubu.

Ngati simunagule, funsani zinthu izi: kodi pulasitiki yake ndi yotetezedwa ku dzuwa, ija amalemba kuti UV? Ndi yochindikala bwanji? Kuchindikala amayeza mu ma micron, ya greenhouse yeniyeni imakhala 200 micron ndipo imatha kukhala zaka zitatu kapena zinayi, pamene pulasitiki wamba wapamsika dzuwa la October limamuphwanya miyezi yochepa chabe. Funsaninso ngati ili ndi mawindo mbali zonse ziwiri, ngati mukatoni muli zigamba ndi guluu womatira, ndipo muwerengeretu ndalama yotumizira ndi msonkho wa MRA. Ine maganizo anga, ngati malo ndi anu ndipo simusamuka, tengani nsungwi kapena mapolo a bulugamu mumange yokhazikika n'kugula pulasitiki ya 200 micron yokha, imatsika mtengo ndipo mumaikonza nokha. Yopopa ubwino wake uli kwa anthu a lendi, aphunzitsi ndi anamwino amene amasamutsidwa, ogwira ntchito m'maesiteti a tiyi okhala nyumba za kampani, komanso ofuna nazale ya mbande ya miyezi yochepa basi.

2. Sankhani malo

Pafike dzuwa maola 6 kapena kuposa, makamaka la m'mawa chifukwa ndi limene limaumitsa mame. Osaimika pansi pa mango kapena mapeyala, nthambi ndi zipatso zikagwa zimaboola, komanso mthunzi wake umasunga chinyontho. Musaiyandikize kwambiri ku khoma la nyumba kapena ku nthochi zothithikana, mpweya suyenda. Mphepo ya mwera imachokera kummwera chakummawa, nde mbali yopapatiza ndi imene iyang'ane kumeneko, ndipo chitseko chikhale mbali ina kuti mphepo isamalowe n'kuinyamula kuchokera mkati. Madzi akhale pafupi, mkatimo mvula sigwa nde chilichonse ndi kheni.

3. Konzani pansi

Ambiri a ife makamaka ku Thyolo malo athu ndi otsetsereka. Salazani mpaka pakhale pofanana, chifukwa machubu akakhala mbali ina pamwamba ina pansi denga limapendekeka ndipo madzi amvula amadikha pamalo amodzi mpaka pulasitiki kutamuka. Kumtunda kwake kumbani ngalande yopatutsa madzi. Kenako gwadani mutole ndi manja chilichonse chakuthwa, ziputu za chimanga, minga, timabotolo tosweka, misomali, timiyala tosongoka. Pamene padutse machubu yalani matumba akale a feteleza kapena a simenti awiriawiri. Ndipo mpanda ukhalepo musanapope, nkhuku zimajompha, mbuzi zimadzikhula, agalu amakanda, ana nawo amafuna kudumphirapo poti ndi chofewa.

4. Kupopa

Yalani yonse pansi, muone kuti zipi ya chitseko ndi yotsegula ndipo palibe chubu chopotoka, khomani zikhomo za m'makona zinayi musanayambe kupopa, apo ayi kamphepo kakang'ono kaitenga. Chitani tsiku lopanda mphepo ndipo mukhale awiri, wina akupopa wina akudzutsa mafelemu.

Apa ndi pamene ambiri amaphulitsa katundu watsopano. Mpweya ukatentha umafufuma, mwaona tayala la njinga lopopedwa kwambiri m'mawa likasiyidwa padzuwa mmene limaphulikira masana, ndi zomwezo. Mukapopa 6 koloko m'mawa kukuzizira mpaka chubu kulimba gwa, pofika 12 koloko misoko iyamba kutseguka. Popani mpaka felemu iime yokha koma mukadina ndi chala chachikulu pazilowa pang'ono. Ngati pampu ili ndi geji tsatirani nambala yolembedwa pa valavu kapena m'kabuku kake, musapitirire. Madzulo mudzaona yafewerako, musathamangire kuwonjezera, dikirani muione masana a tsiku lotsatira, ikakhala yofewabe dzuwa lili pamutu ndiye onjezerani pang'ono. Kompuresa ya ku filing'i siteshoni kapena ya omata matayala a galimoto musayerekeze, imakankha mpweya wambiri nthawi imodzi.

5. Kumangirira

Tizikhomo tobwera mukatoni ndi tating'ono, anapangira kapinga wa kwawo, kuno dothi likanyowa timazuka ndi dzanja limodzi. Pitani kwa owotcherera akudulireni zitsulo zomangira nyumba zija, zotalika masentimita 50 kapena 60, azipinde kumutu. Khomani mopendeketsa, mutu uloze kutali ndi greenhouse. Pakati pa chingwe ndi chikhomo ikani kachidutswa ka malegeni kuti mphepo ikakoka pazitamuka m'malo mong'amba pomangira. Kenako dzazani matumba ndi mchenga kapena dothi muike m'munsi mozungulira, mkati ndi kunja. Njerwa ayi, m'mbali mwake mumadula pulasitiki. Zingwe ziwiri zidutse pamwamba pa denga kuchokera mbali ina kufika mbali ina, ndipo pamene chingwe chikukhudza chubu ikanipo kansalu.

6. Mpweya ndi kutentha, apa ndiye pagona nkhani

Timabuku tobwera ndi katunduyu timangoti tsegulani mawindo kukatentha, basi. Koma anthu ambiri amene abwera kudzandidandaulira kuti greenhouse ndi bodza, vuto lawo linali pompano.

Kanyumba kakang'ono kapulasitiki kakatsekedwa, dzuwa likangotuluka kutentha kumakwera msangamsanga, mu October masana mkati mumatha kudutsa madigiri 40. Tomato amakondwa pakati pa madigiri 21 ndi 27 masana. Kukapitirira 32 mungu umayamba kuwonongeka, maluwa amachita chikasu pakakhosi paja n'kuyoyoka, mtengo umaoneka wobiriwira bwinobwino wautali koma osabereka, munthu n'kumati mbewu inali yabodza kapena feteleza wachepa n'kuthiranso wina, pamene vuto ndi kutentha. Nde gulani thermometer yotchipa, muipachike molingana ndi nsonga za mbewu, muiphimbe ndi kakatoni pamwamba kuti dzuwa lisaiwombe mwachindunji. Sabata yoyamba, musanaike mbewu ngakhale imodzi, muziiwerenga m'mawa, masana ndi madzulo n'kumalemba. Mudziwa khalidwe la greenhouse yanu pamalo panupo, chifukwa ya ku Luchenza kotentha siingafanane ndi ya kumtunda cha ku Bvumbwe.

Mbali inayo ndi chinyontho. Lowani m'mawa kwambiri muyang'ane kudenga, mukaona madontho ali lendelende ndipo mukagwedeza felemu akukugwerani pamutu, dziwani kuti usiku wonse akhala akugwera pa masamba. Chiwawu, matenda aja oyamba ndi mawanga ofiirira ngati tsamba lawauka ndipo kunsi kwake kumachita tinthu toyera ngati nkhungu, chimafuna zinthu ziwiri basi, kuzizirira ndi tsamba lonyowa kwa maola angapo. Greenhouse yotseka usiku wa chiperoni imachipatsa zonse ziwiri. Pakatha masiku ochepa munda wonse wapita.

Choncho chitani motere. Malo otseguka onse pamodzi, mawindo ndi zitseko, afike gawo limodzi mwa magawo anayi a kukula kwa pansi, ndipo akhale mbali ziwiri zoyang'anizana kuti mpweya uzilowa uku n'kutulukira uko. Mpweya wotentha umakwera, nde ngati pali windo lapamwamba limenelo ndi lofunika kuposa onse. Ngati yanu ili ndi chitseko chimodzi chokha, dulani pulasitiki mbali yakumbuyo, patali ndi machubu, mumate m'mphepete ndi tepu yolimba n'kuikapo neti.

Kuyambira September mpaka November zonse zikhale zotsegula usana ndi usiku, ndipo pamwamba pake ikani shade net, neti yochepetsa dzuwa, ya 30 kapena 40 peresenti, koma isagone pa pulasitiki, imikani mapolo anayi kunja muisiye mpata woti mpweya uzidutsa pakati. Nthawi ya dzinja, December mpaka March, mbali zikhale zotsegulabe, mungotsitsa mbali imene mvula ikuwombera ndipo ikangokata tsegulaninso. Nthawi ya chiperoni ndi pamene mtima umati nditseke mbewu zingazizidwe. Musatseke yonse. Tsekani mbali ya mwera, mbali inayo musiye mpata pamwamba ngakhale wa chikhatho chimodzi usiku wonse, m'mawa kukangocha tsegulani kuti madontho aume. Kuzizira kwa kuno kumangochedwetsa tomato kukula, koma chinyontho chimamupha. Okhawo amene ali m'makhwawa mozizira kwambiri, kapena ali ndi mbande zongomera kumene, ndi amene angatseke usiku wa July, komabe 7 koloko isakwane chitsekereni.

Ndipo ganizirani izi musanagule: kodi masana pakhomo pamakhala munthu? Ngati nonse mumachoka m'mawa kubwera madzulo, siyani zotsegula pochoka ngakhale kunja kuli nkhungu. Nyengo ya pansi pa phiri imasintha mosachenjeza, 8 koloko nkhungu 11 koloko dzuwa lang'amba, maola awiri okha ndi okwanira kupsereza nazale yonse.

Za neti, yotchinga tintchentche toyera toyamwa masamba a mbewu ndi ya mabowo ang'onoang'ono kwambiri, amaitchula 50 mesh, koma dziwani kuti neti yotere imachepetsanso mpweya nde pamene mwaiika windo likule. Chonde neti za udzudzu zolandira kuchipatala zisiyeni pa bedi, malungo kuno ndi ambiri, ndipo mabowo ake tintchentche timeneti timadutsa bwinobwino.

7. Dothi ndi mbewu

Ine ndimalimbikitsa kudzala m'matumba osati pansi. Dothi la m'madimba athu ambiri mwadzalidwa tomato, mbatatesi ndi mabilinganya zaka ndi zaka, muli matenda aja ofotetsa mtengo wonse uli wobiriwira, komanso tinyongolotsi tosaoneka ndi maso totupitsa mizu. Mukadzala m'matumba, limodzi likadwala mumangolitulutsa, komanso tsiku losamuka kapena lophwetsa greenhouse mbewu mumanyamula. Thumba la malita 15 mpaka 20 pa tomato mmodzi, muboole pansi, muliike pa timiyala kuti mizu isalowe m'nthaka.

Sakanizani dothi lapamwamba lochokera pamene sipanadzalidwepo tomato, manyowa owolerana bwino ndi mchenga pang'ono. Ngati mukukayika dothi, mu September kapena October linyowetseni, mulifunditse pulasitiki yoyera yoonekera mkati n'kukwirira m'mphepete, likhale padzuwa masabata 4 mpaka 6, kutentha kumapha tizilombo tambiri. Dothi lofiira la kuno kumene kumachita bwino tiyi nthawi zambiri limakhala la asidi, pamene tomato amafuna pH, muyezo wa asidi m'dothi, ya 6 mpaka 6.8, nde kalaimu waulimi pang'ono kapena phulusa zimathandiza. Alangizi a zaulimi a m'dera lanu angakuuzeni za kuyezetsa dothi, ndipo ku Bvumbwe kuli malo a boma a kafukufuku wa mbewu zamasamba ndi zipatso. Amene mumapanga mbeya, uja wosakaniza ndowe, gaga, phulusa ndi feteleza pang'ono n'kutsekera m'thumba masiku 21, amagwira bwino m'matumbamu, bola akhale wopsa.

Malo ndi ochepa nde dzalani chimene chimavuta panja. Tomato wa dzinja ndi amene amakwera mtengo chifukwa ambiri amalephera naye, komanso mungadzale tsabola wobiriwira, nkhaka, letesi, ndi mbande zogulitsa. Mpiru, rape ndi chinese zimachita bwino panja, musaziwonongere malo. Pa tomato sankhani wokwera m'mwamba ngati Moneymaker kapena Anna F1, ameneyu amabereka nthawi yaitali pamalo pochepa. Tanya ndi Rodade ndi afupiafupi amabereka n'kutha, ndi abwino kumunda. Wokerani mbande zikakwana pafupifupi masabata anayi, madzulo, motalikana masentimita 45 mpaka 50. Kuthithikanitsa kuti mukwanitse ambiri ndi kuitana chiwawu. Ndipo chenjezo lalikulu, musamangirire zingwe za tomato ku machubu, sangapirire kulemera kwa zipatso. Imikani nsungwi zanuzanu mkatimo, nsonga zake muzivale zibotolo zapulasitiki kuti zisaboole denga.

8. Ntchito ya tsiku ndi tsiku

Thirirani m'mawa, patsinde, masamba asanyowe, chotsani kasefa kakumlomo kwa kheni. Madzi akhale ofanana tsiku lililonse, lero ambiri mawa osathirira ndi zimene zimadetsa tomato kunsi ndi kumung'amba. Ikani diramu pomwe denga likukhetsera madzi, ndi madzi aulere.

Mkati mulibe mphepo yokwanira komanso njuchi sizilowa kwenikweni, nde maluwa a tomato muziwathandiza. Cha m'ma 9 kapena 10 koloko mame atauma, gogodani nsungwi kapena chingwe cha mtengo uliwonse pang'onopang'ono kuti mungu ugwe, katatu pa sabata. Nkhaka zambiri zimafuna njuchi, nde masana pazikhala polowera. Timphukira totuluka pakati pa tsinde ndi tsamba thyolani tikadali tating'ono, ndipo masamba akale apansi muzichotsa kuti mpweya uziyenda m'munsi, kukataya kutali osati pakhomo pa greenhouse.

Tembenuzani masamba muziyang'ana kunsi. Kangaude wofiira amakonda kotentha kouma, mudzaona timadontho tachikasu ndi ulusi wopyapyala. Tuta absoluta, kambozi kochokera ku South America kamene kasautsa alimi a tomato, kamalowa mkati mwa tsamba n'kusiya mawanga oonekera ngati pepala, kenako kamaboola chipatso. Mukaona tsamba limodzi lotere thyolani pompo mulifinye. Tizilombo tikalowa mu greenhouse timaswana msanga kuposa panja poti mvula siitikokolola. Ngati mupopera mankhwala, monga Dithane kapena a kopa otetezera chiwawu, tsegulani mbali zonse, valani zodzitetezera, tsatirani masiku odikira musanathyole olembedwa pa paketi, ndipo musawaze pa pulasitiki. Mankhwala okhala ndi salufa kapena kolorini amafooketsa pulasitiki ya UV n'kuikalambitsa msanga.

9. Ikabooka, kukabwera namondwe, ndi posunga

Mukaona felemu imodzi ikufewa yokha, yambani ndi valavu, nthawi zambiri ndi kamchenga kalowa kapena sinatsekedwe bwino. Ngati si pamenepo, sungunulani sopo m'madzi mupake chubu chonse, pamene pakutuluka thovu lembani ndi peni. Phwetsani, pukutani paume, mumate ndi chigamba chake, mutsindike ndi chinthu cholemera usiku wonse musanapopenso. Solushoni wa machubu a njinga ndi wa labala, pa PVC, pulasitiki ya machubu a greenhouse, sagwira, amamatuka dzuwa likangotentha. Gwiritsani guluu wa PVC kapena zigamba zobwera ndi katunduyo.

Tonse tikukumbuka Freddy mu March 2023 ndi zimene anachita kuno ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi Blantyre, komanso Ana mu January 2022. Palibe chikhomo chimene chingagwire greenhouse pa mphepo yotere. A nthambi yoona zanyengo akangolengeza pa wailesi kuti kukubwera namondwe, tulutsani matumba a mbewu muike pakhonde kapena m'nyumba, phwetsani, pindani, lowetsani, musadikire kuti muone kaye mmene iyambire. Chimodzimodzi mphepo zamkuntho za mvula yoyamba mu October ndi November zija zimasasula madenga a masukulu, mukaona kumwamba kwada ndipo mphepo yayamba kuzungulira, bola kuphwetsa n'kudzapopanso mawa.

Posunga, tsukani ndi madzi ndi sopo wamba, muiyanike pamthunzi mpaka iumiretu mkati ndi kunja, chifukwa yonyowa imachita nkhungu n'kununkha ndipo misoko imafooka. Ikulungeni momasuka osapinda mothina pamalo amodzimodzi, mavalavu akhale otsegula, muiike m'diramu kapena m'chidebe chokhala ndi chivindikiro, kutali ndi pomwe mumasunga chimanga chifukwa makoswe amaboola pulasitiki. Pampu, zigamba, guluu ndi zikhomo zikhale m'thumba limodzi momwemo.